KUSUNGA MABUKU A NDARAMA M'SITORO

Anthu ambiri m'midzi mwathu atsegula masitoro, makantini ndi zigayo, koma ena atseka chaka chisanathe ngakhale ogula sanali kusowa. Kawirikawiri bvuto lake ndi ili: mwini malonda ayesa kuti ndarama zonse za m'bokosi ndizo phindu, nayamba kudya mpamba wake osadziwa. Mankhwala ake ndiwo mabuku.

Nchito ya mabuku iyenda m'njira zinayi: kusonkhanitsa umboni wa malonda, kulemba, kuwerengera, ndi kutulutsa mau othandiza mwini malonda kudziwa chochita.

Choyamba ndicho umboni. Pogula katundu landirani risiti, ndipo muisunge. Ngati munthu wakulipirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wa pa foniwo ndiwo umboni wanu. Muulembe m'buku tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndicho kulemba. Mufuna mabuku atatu. M'buku la ndarama lembani zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. M'buku la ngongole munthu ali yense akhale ndi tsamba lake. M'buku la katundu lembani zimene mwagula ndi zimene zatsala. Mukatenga sopo kapena shuga kupita naye kunyumba, lembaninso. Sitoro ndi nyumba zikhale ndi matumba awiri.

Akatswiri alemba chinthu chiri chonse kawiri, chifukwa malonda ali onse ali ndi mbali ziwiri. Mukagula thumba la mchere, katundu wachuruka koma ndarama zachepa. Mbali ziwirizo zikapanda kulingana, mudziwa kuti pena palakwika. Njira imeneyi njakale. Amalonda a ku Italy ndiwo anaizolowera, ndipo Luca Pacioli anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494.

Chachitatu ndicho kuwerengera. Tiyerekeze sitoro imene inayamba mwezi ndi katundu wa K200,000. M'kati mwa mwezi mwini wake anagula katundu wina wa K300,000, ndipo pakutha pa mwezi anapeza kuti watsala wa K150,000. Tsono katundu amene anatuluka anamgula pa K350,000.

Anthu analipira K400,000, ena natenga katundu wa K40,000 pa ngongole. Malonda onse ndiwo K440,000. Chotsani K350,000, patsala K90,000. Chotsaninso K20,000 ya galimoto yonyamula katundu ndi K15,000 ya lendi. Phindu leni-leni ndilo K55,000.

Koma taonani m'bokosi. Munalowa K400,000, munatuluka K335,000. Ndarama zachuruka ndi K65,000. Munthu wopanda mabuku adzati zonsezo nzake. Iai. Mashelufu achepa ndi katundu wa K50,000, ndipo ayenera kumbwezera. Akatero m'manja mutsala K15,000 yokha. K40,000 inayo iri kwa angongole, ndipo akapanda kubweza yapita.

Chachinayi ndicho kumva zimene mabuku anena. Mwini sitoroyu tsopano adziwa kuti ayenera kuchepetsa ngongole ndi kulondola amene sanabweze. Adziwanso ndarama zimene angathe kutengera kunyumba osapha malonda ake. Akafuna ngongole ku banki kapena ku SACCO, mabuku omwewo ndiwo adzamchitira umboni, ndiponso a msonkho a MRA akafunsa ali ndi choonetsa.

Makampani akulu masiku ano achita nchitoyi ndi kompyuta. Wogulitsa akadinda katundu pa makina, pomwepo kompyuta ilemba ndarama, ichotsa katunduyo m'kaundula, nitulutsa risiti. Koma njira zinayi zija sizisintha, ndipo makina akapatsidwa nambala yolakwa atulutsa yankho lolakwa.

Chenjerani pa zinthu izi. Lembani ndi inki, osati pensulo. Mukalakwa, dulani ndi mzere umodzi, musang'ambe tsamba. Werengani ndarama madzulo ali onse muone ngati zilingana ndi buku. Ngati muli ndi wanchito, iye wogwira ndarama asakhale yemweyo woyang'anira buku, angakhale ali mphwanu.

Aphunzitsi, patsani ana a sukulu samu iyi: m'sitoro ija, angongole atabweza K25,000 yokha, otsalawo nkukanirathu, phindu likadakhala lotani? Amene ayankha K40,000 wakhoza, ndipo angathe kuthandiza atate wake kulemba mabuku.