PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KULEMEKEZEKA KWA MTSOGOLERI

Abale ndi alongo athu a m'midzi ya ku Bua, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za cinthu cimene tonse taciona ndi maso. Pabwalo la milandu, kapena pa msonkhano wa alimi a mpunga, munthu wina akaimirira phokoso lileka asanatsegule pakamwa. Mnzace akaimirira, angakhale apfuule cotani, anthu angopitirira kuceza. Kodi kusiyana kumeneku kucokera kuti? Ena ati ndi mwazi wa ufumu, ena anong'ona kuti ndi mankhwala a cikoka. Ife titi iai. Ndi khalidwe, ndipo khalidwe liphunziridwa monga kupalasa bwato. Mau awa akhudza yense wofuna kusankhidwa m'komiti ya mudzi kapena ya padoko, ndi yense wofuna kukwezedwa pa nchito m'sukulu, m'cipatala, kapena ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Pakuti akuru posankha munthu sayang'ana mapepala a mayeso okha.

I. Kuopedwa sindiko kulemekezedwa.

Dziko lathu lino lidziwa bwino mphamvu ya mantha. Kuyambira zaka za m'ma 1840 a Jumbe analamulira ku Nkhotakota ndi mfuti, naolotsa akapolo ndi minyanga pa zombo kunka tsidya lija, pa njira ya ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno m'caka ca 1863, nakomana ndi Jumbe pansi pa mtengo umene alendo adzauona kufikira lero. Anthu anagwada pamaso pa a Jumbe, inde, koma ambiri anagwada cifukwa ca onga. Jumbe Tawakali Sudi atamwalira m'caka ca 1894, wolowa m'malo mwace sanakhalitse: boma la Angerezi linamcotsa, nilimtumiza ku Zanzibar, ndipo ufumuwo unathera pomwepo. Tiphunzirepo kuti ulemu wodalira mfuti uthawa tsiku limene yafika mfuti yoiposa. Kapitao wolamulira ndi ukali wokha ali momwemo: amveredwa ali pomwepo, asekedwa atapotoloka.

II. Tiphunzire kwa njobvu.

Mtsinje wa Bua upita pakati pa nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota. M'zaka za 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks, pamodzi ndi boma, linatengera m'nkhalangoyi njobvu pafupifupi 500 kucokera ku Liwonde ndi ku Majete. Pozisamutsa anasamala kutenga banja lonse pamodzi, cifukwa gulu la njobvu litsogozedwa ndi yaikazi yokalamba, ndipo popanda iyo zinzace zisokonezeka. Iyo siiposa yamphongo msinkhu kapena ukali. Koma ikumbukira njira ndi madzi, ndipo pakamveka coopsa zonse ziyang'ana kwa iyo. Ikaima nji, ana aima. Ikathawa, gulu lonse lithawa. Anthu ali cimodzimodzi. Pa tsiku la bvuto ayamba ayang'ana nkhope ya mtsogoleri asanamve mau ace.

III. Zinthu zinai zoyenera kuziphunzira.

Coyamba, kumva. Makolo athu anakonza bwalo mwanzeru: eni mlandu anena, mboni zinena, nduna zifunsa, ndipo mfumu ilankhula potsiriza. Siikhala cete cifukwa yasowa mau, koma kuti mau ace atuluke atasenza za onse. Wofuna kutsogolera azolowere kubwereza mau a wotsutsana naye mokhulupirika, kufikira mwini wace abvomere kuti, Inde, ndimo ndinanenera. Pamenepo ndipo ayankhe.

Caciwiri, mau owerengeka. Akuru anati ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika. Tisanapite ku msonkhano tidzifunse tokha: tifuna anthu acite ciani akabalalika? Tikadziwa cimeneco, ticinene poyamba, tipereke zifukwa ziwiri kapena zitatu, tikhale pansi. Tiyang'ane anthu, osati zala za kumapazi. Tilankhule kuti wokhala kumbuyo amve, koma osakalipa.

Cacitatu, kudekha pa nthawi yowawa. Taganizani za mwezi wa October, madzi atacepa m'ngalande za mpunga ku Bua, alimi a kumunsi nabwera ndi makasu m'manja kuti a kumtunda atseka madzi usiku. Wapampando akabweza ukali ndi ukali, mwazi ukhoza kukhetsedwa. Koma akawakhazika pansi, natsegula buku la masiku a kuthirira, nawerenga poyera tsiku la munda uli wonse, kuyambira munda wa iye mwini, mkwiyo uzirala. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zindikirani kuti kudekha kotere kutheka kwa iye yekha amene anakonzeratu buku lace. Wosakonzeka anjenjemera cifukwa adziwa kuti alibe poima.

Cacinai, kukhulupirika m'zazing'ono. Zobvala zikhale zoyera, zingakhale za zigamba. Nthawi ya msonkhano isungidwe. Ndalama za gulu ziwerengedwe pamaso pa onse kufikira tambala wotsiriza. Wa komiti ya padoko woletsa anzace kuchera mpasa pa nyengo imene nsombazi zikwera Bua kukaswana, iye nadya mpasa m'nyumba mwace usiku, angakhale abvale jekete lotani, mau ace apepuka ngati mankhusu. Ndipo akalakwa mtsogoleri, abvomere msanga ndi pakamwa pace, cimeneci sicimcepetsa.

IV. Kukwera ndi makwerero.

Acinyamata ambiri ataya mtima poona kuti kukwezedwa kwacedwa. Akumbukire Leonard Kamungu, mwana wa tsidya la kum'mawa kwa nyanja yathu, amene anagwirako nchito ku Nkhotakota kuno. Anaphunzira ku Kiungani, ku Zanzibar. Anakhala dikoni m'caka ca 1902, nadikira zaka 7 kufikira analandira unsembe m'caka ca 1909. Pambuyo pace akuru anamtuma kutali, ku Msoro m'dziko limene lero lichedwa Zambia, kukayamba nchito yatsopano, ndipo anamwalira komweko m'caka ca 1913. Munthu satumidwa kutali cotero ngati sanayesedwe pafupi. Zaka za kudikira ndizo zaka zimene akuru apenya mayendedwe athu, ife osadziwa.

Cifukwa cace tisadikire mpando kuti tiyambe makhalidwe a pampando. Mlembi wa komiti, mphunzitsi wothandiza, mai wosunga thumba la gulu, yense ali ndi bwalo lace laling'ono lophunzirirapo. Ndipo tipeze munthu mmodzi wamkuru wosatinyengerera, timpemphe atiuze zimene anaona ife tikulankhula. Pakuti wakutsina khutu ndiye mnansi.

Mafunso a kukambirana m'mudzi:

1. Kodi kuopedwa kusiyana bwanji ndi kulemekezedwa?
2. Cifukwa ninji mfumu ilankhula potsiriza pabwalo?
3. Wapampando wa alimi akhoza kudekha cifukwa ca ciani?
4. Mwa zinthu zinai zija, cimene cikusowa kwa inu ndi citi, ndipo mudzayamba liti kuciphunzira?