PHUNZIRO LA CINGEREZI: MAU A MANTHA NDI A KAYENDEDWE

M'Cingerezi muli mau ena amene afanana ngati ana a mimba imodzi, koma nchito yao ndi yosiyana. Munthu akawasokoneza pamaso pa dokotala, anena nthenda imene alibe. Cifukwa cace tiyeni tiwaphunzire bwino.

1. Mau a mumtima. *Nervous* anena munthu amene mtima wace uli phaphapha cifukwa ca cinthu cimene ciri pafupi kucitika, monga mlimi woima pa msika wa fodya ku Chinkhoma pamene ogula afika pa mabelo ace. Anena, *I am nervous*. *Anxious* ndiyo nkhawa yokhalitsa, monga ya mlimi yemweyo poona kuti fodya wawokedwa koma mvula yadula. *Fidget* ndiko kutekeseka, monga mwana wosakhazikika pa benci m'sukulu. *Stammer* ndico cibwibwi. Ena abadwa naco, ena ciwagwira pokhapokha acita mantha.

2. Mau a kunjenjemera. Ife tinena kunjenjemera basi, koma Angerezi agawa patatu. *Shake* ndiwo mau akuru, oyenera munthu, mtengo kapena nyumba. Pa zakale asandulika *shook*. *Tremble* ndiko kunthunthumira ndi mantha kapena ndi kufoka. *Shiver* ndiko kunjenjemera ndi kuzizidwa, monga m'mawa wa mwezi wa June pa dambo la Lingadzi, kapena pogwidwa ndi malungo. Tsono wodwala akati *I am shivering* dzuwa liri pamutu, dokotala aganizira za malungo.

3. Mau a kayendedwe. *Limp* ndiko kutsimphina, mwendo umodzi ukupweteka. *Stumble* ndiko kupunthwa pa citsa kapena pa mzere wa m'munda, kamodzi kokha. *Stagger* ndiko kuyenda dzandidzandi, thupi lonse losowa mphamvu. *Toddle* ndiko kuyenda kwa kamwana koyamba kumene kuponda pansi. *Wobble* ndiko kugwedera, monga gudumu la njinga lopindika. *Jolt* ndiko kugwedezeka kwa dzidzidzi, monga ngolo ya fodya ikagwa m'dzenje.

Pa mau a *stagger* tacenjerani, pakuti si woledzera yekha adzandira. Munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame kapena mvula, cikonga ca m'masamba cilowa m'thupi mwace popyola pa khungu. Pamenepo amva cizungulire ndi mseru, asanza, mutu uwawa, ndipo ayenda dzandidzandi, ngakhale sanalawe mowa. Nthendayi Angerezi aicha *green tobacco sickness*, ndipo ana iwagwira koposa akuru. Wotereyo musamseke. Mvuleni zobvala zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi, ndipo mupite naye ku cipatala. Kumeneko nenani, *He is dizzy and he staggers. He was picking wet tobacco*. Mukanena *he limps*, adzayamba kufuna cironda ku mwendo.

Amene ali nalo Buku Lopatulika la Cingerezi awerenge Genesis 32:31, za Yakobo wotsimphina pocoka pa Penieli. Mabuku atsopano alemba *limp*, koma la Mfumu James, la caka ca 1611, lilemba *halt*, mau amene masiku ano atanthauza kuima. Awerengenso Marko 5:33, za mkazi uja anadza kwa Ambuye alikunthunthumira, adzapezapo *tremble*. Taonani, mantha ace sanamletsa kunena zoona zonse, ndipo anamuka ndi mtendere. Cotero inunso musaleke kulankhula Cingerezi cifukwa ca kuopa kuphonya.

Nchito ya mwezi uno: sandulizani m'Cingerezi mau awa, nimuwaonetse kwa mphunzitsi wa m'mudzi mwanu.
(a) Mwana alikunjenjemera ndi malungo.
(b) Ng'ombe yanga iri kutsimphina.
(c) Ndinapunthwa pa khomo la cigafa.
(d) Amai ada nkhawa ndi mvula.