ZIMENE MBALA IMASIYA M'NYUMBA

Anthu akamva kuti nyumba ya uje yathyoledwa usiku, funso lao loyamba limakhala lakuti, "Atengamo chiani?" Mwini nyumba amayamba kuwerenga: wailesi, njinga, mabulangete awiri, thumba la chimanga, ndi ndalama zimene anasungira fizi ya mwana. Anthu aja amapukusa mitu, nati "Pepani," nabwerera kwao. Koma m'phunziro lino ndifuna kuti ife ana a sukulu tifunse funso lina, limene silifunsidwa kawirikawiri: kodi mbala ija yasiyamo chiani m'nyumbamo? Pakuti njinga igulidwanso fodya akagulitsidwa, koma zimene mbala isiya zimatha kukhalamo zaka.

Choyamba chimene imasiya ndi mantha. Nyumba ndiwo malo okha pa dziko pamene munthu amabvula zobvala zake, nagona tulo tosadziwa kanthu, atakhulupirira chitseko ndi mpiringidzo. Tsono chitseko chikagonja kamodzi, chikhulupiriro chija chimagonja nacho pamodzi. Bambo amene kale ankagona mpaka tambala woyamba, tsopano amadzidzimuka khoswe akathamanga kudenga. Mai amayesa loko katatu asanagone, ndipo atagona amadzukanso kukamuyesa kachinai. Mwana amene anali atasiya kale kukodza pamphasa amayambiranso, nakana kugona yekha.

Zimenezi ziri ndi chifukwa chake m'thupi, monga timaphunzira m'Biology. Pamwamba pa impso iri yonse pali kachiwalo kakang'ono kochedwa adrenal gland. Ubongo ukazindikira choopsya, kachiwalo kameneka kamathira m'magazi mankhwala ochedwa adrenaline. Pamenepo mtima umagunda msanga, munthu amapuma mofulumira, m'kamwa mumauma, ndipo thupi lonse limakonzeka kumenyana kapena kuthawa. Ichi nchabwino pamene mbala iri pakhomo. Chobvuta nchakuti ubongo ukaphunzira kamodzi kuti phokoso la usiku linadzetsa tsoka, umayamba kuchenjeza thupi pa phokoso liri lonse, ngakhale la nthambi ya mango yokhudza malata. Chotero munthu wosagona tuloyo sitiyenera kumseka kuti ndi wamantha ngati mwana. Thupi lake likungogwira nchito yake mopitiriza muyeso. Kwa anthu ambiri izi zimachepa pakapita masabata. Koma ena, makamaka amene anaonana maso ndi maso ndi anthu a zikwanje, amalota zoopsya usiku ndi usiku, ndipo masana omwe amaona ngati chinthucho chikuchitikanso. Zotere zikapitirira mwezi zikhoza kukhala nthenda imene madokotala amaicha PTSD, dzina limene linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America m'chaka cha 1980. Nthendayi iri ndi chithandizo chake, ndipo wodwalayo ayenera kuperekezedwa kuchipatala.

M'chaka chomwecho cha 1980 munthu wina wophunzira wa ku Britain, dzina lake Mike Maguire, anasindikiza zimene anapeza atacheza ndi anthu 322 amene nyumba zao zinathyoledwa. Iye anakawaona patapita masabata 4 mpaka 10 chichitikire kubako, ndipo anthu 65 mwa 100 ali onse anamuuza kuti nkhaniyo inali kuwasautsabe. Atawafunsa chimene chinawapweteka koposa, amene anachula katundu wotayika anali ochepa poyerekeza ndi amene anachula kulowereredwa m'nyumba ndi kusweka mtima. Amai ena anati nyumba yao inkaoneka ngati yadetsedwa, kotero kuti ankachapa ndi kukwecha zinthu zonse zimene mbala inagwira.

Mau a amai amenewa sabvuta kuwamva kwa ife kuno. Pa mwambo wathu mwana akakula salowa kuchipinda kwa makolo ake, ndipo mlendo, ngakhale wolemekezeka chotani, amalekeza pabalaza. Taganizani tsono: malo amene mwana wobadwira m'nyumbamo amawaopa, munthu wosadziwika walowamo ndi matope kumapazi, watembenuza matiresi, wakhuthula sutikesi, wagwira zobvala zam'kati za mai. Ngakhale akadapanda kutenga ndi singano yomwe, choipa chachitika kale. Malamulo naonso amadziwa kuti nyumba yogonamo anthu isiyana ndi golosale, ndi kuti usiku usiyana ndi usana. Buku la Eksodo, mutu 22, limasiyanitsa mbala yoboola nyumba usiku ndi yopezeka dzuwa litaturuka; ndipo Penal Code ya dziko lathu, pa ndime 309, imapatsa kuthyola nyumba usiku dzina lakelake losiyana ndi kuthyola masana.

Koma chinthu choipitsitsa chimene mbala imasiya, monga ndiganizira ine, si mantha ai. Ndi kukaikirana. Mbala yosagwidwa iribe nkhope, ndipo mtima wa munthu sukhoza kupirira mdani wopanda nkhope. Umafunafuna wina woti umubveke mlanduwo. Mwini nyumba amagona chagada nayamba kuwerenga anthu. Anadziwa ndani kuti ndalama ziri pansi pa matiresi? Anaona ndani kuti tapita kumaliro? Nanga galu analekeranji kuuwa, ngati sanali munthu womdziwa? Mafunso amenewa ali ndi nzeru ndithu, pakuti nthawi zina wakuba amakhaladi wapafupi. Koma taonani amene amagwerapo. Woyamba ndi wanchito wa m'nyumba kapena mnyamata wa ganyu, chifukwa ndi wosauka ndipo alibe womnenera. Wachiwiri ndi mwana wamasiye wa achimwene amene akuleredwa pakhomopo. Wachitatu ndi mnansi amene anadzapempha moto dzulo lake, nayang'ana m'nyumba pang'ono. Mwa anthu atatuwa mwina palibe ndi mmodzi yemwe wolakwa, koma wanchito amachotsedwa wopanda malipiro, wamasiye amayamba kudyera payekha, ndipo mabanja awiri amene ankabwerekana mchere ndi mtondo amaleka kupatsana moni. Mbala inalowa m'nyumba imodzi, koma yapasula nyumba zitatu iyo iri kutali, ikudya ndalama zake.

Makolo athu ankathetsa kukaikirana kotere ndi mwabvi. Woganiziridwa ankamwetsedwa madzi a khungwa la mtengo wa poizoni. Akasanza ankati ngwosalakwa, akafa ankati mlandu wamgwira. Koma khungwa silidziwa wakuba, ndipo anthu ambiri osachimwa anafa nalo. Boma linaletsa mwabvi ndi lamulo la m'chaka cha 1911. Komabe ludzu lofuna dzina la munthu silinathe ndi lamulolo. Lero lomwe ena amapita kukaombeza, ndipo woombeza, pofuna kuti ndalama yake ioneke kuti yagwira nchito, amangoti, "Ndi munthu wapafupi, wodya naye mbale imodzi." Mau otere akwanira kuyatsa mudzi. Ndipo m'matauni tamva za anthu omenyedwa kapena kutenthedwa ndi gulu chifukwa wina anapfuula kuti "Wakuba!" Ambiri a m'gulu lotere sadziwa ndi chimene chabedwa chomwe. Amamenya chifukwa cha njinga yao imene inabedwa chaka chatha, wakuba wake osapezeka. Kupha munthu chotero ndi mlandu wakupha basi, ndipo wakufa sangathenso kunena kumene anali usikuwo.

Apa wina angafunse kuti, kodi mantha a wobedwayo ndi opanda pake konse? Iai, ndipo tisamnamize. Ofufuza a m'maiko angapo anapeza kuti nyumba imene yathyoledwa kamodzi iri pa ngozi yoposa zinzake yothyoledwanso, makamaka m'masabata oyamba. Chifukwa chake nchoonekeratu: mbala yadziwa njira, yaona zimene inasiya, ndipo idziwa kuti mwini wake agula zina zatsopano. Ku Kirkholt, dera la nyumba za boma m'tauni ya Rochdale kufupi ndi Manchester, anthu anagwiritsa nchito nzeru imeneyi kuyambira m'chaka cha 1987. Nyumba ikathyoledwa, ankafulumira kulimbitsa zitseko ndi mazenera ake, ndipo ankapempha eni nyumba zochepa zoizungulira kuti akhale maso ndi makutu a mnzao wobedwayo. Anachotsanso m'nyumba mamita a magetsi ndi gasi oponyamo makobiri, amene ankakopa mbala. Patapita zaka zitatu, kuthyola nyumba m'deralo kunachepa ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anai. Chimene chindigwira mtima m'nkhani imeneyi ndi ichi: anansi omwe aja amene wobedwa amayamba kuwakaikira, ndiwo amene akhoza kumbwezera tulo. Akadana nao, watsala yekha ndi loko wake. Kuno kwathu nzeru yonga imeneyi tiri nayo m'magulu a chitetezo cha m'midzi ogwirizana ndi apolisi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza anthu ochitiridwa zoipa.

Nanga tikapita kukapepesa tinene chiani? Pali mau ena amene timanena ndi mtima wabwino koma amalasa. "Mukadaika loko wamkulu." "Munasiyiranji nyumba yopanda munthu?" Wobedwayo wadzifunsa kale mafunso amenewa kambirimbiri usiku wonse, ndipo safuna woweruza wina. Ngakhale mau akuti "Thokozani kuti simunapwetekedwe," oona chotero, akanenedwa msanga amatseka munthu pakamwa, nachita manyazi kudandaula. Kuli bwino kukhala pansi ndi kumlola afotokoze, ngakhale abwereze nkhani yomweyo kasanu. Kuli bwino kubwera ndi hamala ndi misomali kudzakonza zenera tsiku lomwelo, kumbwereka bulangete, kumperekeza kupolisi, ndi kutuma mnyamata wamkulu kukagona nao pabalaza masiku oyamba. Ana a m'nyumbamo auzidwe zoona m'mau ofatsa, aonetsedwenso chitseko chokonzedwacho, pakuti mwana wobisiridwa nkhani amadzipangira yake yoopsya kuposa yeniyeniyo. Ndipo wina akadzatitsatsa wailesi kapena foni pa mtengo wodabwitsa kuseri kwa msika, tikumbukire nyumba imene yachokera. Kulandira katundu wakuba ukudziwa ndi mlandu pa lamulo.

Ife ogonera pa sukulu nkhaniyi itikhudza pawiri. Mnzathu akalandira uthenga wakuti kwao kwathyoledwa, amasauka koposa amene ali kumudzi, chifukwa iye saona chitseko chikukonzedwa. Amangoganiza za amai ake ndi azing'ono ake usiku uli wonse magetsi akazimitsidwa. Aphunzitsi athu akaona mwana wakhama wayamba kusinza m'kalasi ndi kulephera masamu amene ankakhoza, ndiwapempha mwaulemu kuti ayambe amfunsa za kwao asanampatse chibalo, ndipo ngati nkutheka amlole alankhule ndi makolo ake. Kachiwiri, thiranki ya mwana wa sukulu ndiyo nyumba yake. M'menemo muli sopo, shuga, chiponde, makalata ndi ndalama ya ulendo wobwerera kwao. Ikathyoledwa, zonse ndafotokozazi zimachitika m'chipinda chathu chogona: mwini wake sagona, amayenda ndi kiyi m'khosi ngakhale posamba, ndipo maso a onse amatembenukira kwa mnyamata wa Fomu 1 amene alibe nsapato zachiwiri. Nkhani yotere ipite kwa prefect ndi kwa aphunzitsi oyang'anira ogonera m'mawa mwake, ndipo ngati mathiranki asechedwa, asechedwe onse, kuyambira ya prefect mwini.