Silika Wosakaniza ndi Chitsulo Pochotsa Utoto m'Madzi Othirira

Alangizi amene mumayendera madimba a kumunsi kwa mafakitale a nsalu mwaonapo mtsinje utasanduka wofiira kapena wobiriwira. Utoto wonyikira nsalu anaupanga kuti usasuluke ndi dzuwa kapena sopo, ndiye chifukwa chake suwola msanga m'madzi. Umatchinga kuwala kwa dzuwa, zomera za m'madzi n'kufooka. Utoto wina, wa m'gulu la azo, ukamaphwanyika umatulutsa zinthu zoyambitsa khansa. Madzi omwewo ndiwo alimi amathirira mpiru ndi matimati.

Silika ndiye amapanga mchenga wambiri umene timaudziwa. Mu 1992 akatswiri a kampani ya Mobil ku America analengeza za ufa wa silika wotchedwa MCM-41, wodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Makoma a timabowo ta mu galamu imodzi yokha, atawayala pansi, angakute masikweya mita pafupifupi 1,000. Madzi akamadutsa, utoto umakakamira m'makomamo.

Koma kugwira utoto si kuuwononga. Apa ndi pamene chitsulo chimalowera. Chitsulo chomangidwa m'makoma a silika chikakumana ndi mankhwala a hydrogen peroxide chimaphwanya utoto umene wagwidwa, motsata njira imene Henry Fenton anaitulukira mu 1894. Ubwino wake ndi wakuti chitsulocho chimatsalira mu ufa, sichisiya matope ambiri a dzimbiri, ndipo ufawo ungagwire ntchito kangapo. Chovuta ndi chakuti njirayi imayenda bwino m'madzi a asidi, pa pH 3 kapena pafupi, pamene madzi otayidwa ponyika thonje amakhala ndi soda ndi mchere wambiri.

Chotikhudza ife a zaulimi ndi gwero la silikayo. Mankhusu a mpunga, amene amangotayidwa pa zigayo ku Karonga, Nkhotakota ndi Mongu, akapsa bwino pa moto wosapitirira madigiri 700 amasiya phulusa limene magawo pafupifupi 90 pa 100 ndi silika. Ofufuza apangapo kale MCM-41 kuchokera ku phulusa lotere.

Komabe musawalonjeze alimi zambiri. Zoyesa zochuluka zachitikira m'malabotale, ndipo phulusa la pachigayo si ufa umenewu ayi. Kulithira m'chitsime sikuthandiza. Malo oyenera kuyeretsera madzi ndi pafakitale, asanalowe mumtsinje. Inu mukaona madzi asintha mtundu, lembani tsiku ndi malo, tungani madziwo m'botolo loyera, mudziwitse a zachilengedwe a m'boma lanu. Uzaninso alimi kuti madzi akaoneka oyera sindiye kuti poizoni watha.