Funsani Mmisiri: Njerwa Zanji Pamalo Othina?

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti, "Kuseri kwa nyumba ya malemu bambo anga kwatsala kamalo, ndikufuna ndimangepo zipinda ziwiri za lendi. Achimwene akuti tiumbe njerwa pomwepo n'kuwotcha uvuni. Nditero?"

Mmisiri: Mayi, achimwenewo muwakanire mwaulemu. Dothi loumbiralo mukumba pati? Dzenje lake litsala pafupi ndi maziko a anzanu oyandikana nawo, dzinja likafika madzi adikhamo, udzudzu uswana, khoma la eni ake n'kuyamba ming'alu. Nanga nkhuni? Tangokwezani maso muone mmene layerera phiri la Ndirande. Ine zimandiwawa. N'chifukwa chake kuyambira 2018 malamulo a bungwe loona za zomangamanga la NCIC adaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za makampani.

Gulani mabuloko a simenti. Aja a masentimita 40 m'litali ndi 20 kukwera kwake, 25 okha amamanga masikweya mita awiri a khoma. Matope amalowa ochepa, ndipo simuunjika chimulu chotseka kanjira ka anthu. Koma pogula musamangoona mtengo. Likandeni bulokolo ndi msomali. Mchenga ukamayoyoka ngati mgaiwa, wogulitsayo adaumira simenti, musiyireni. Mufunsenso ngati adawathirira madzi kwa sabata yathunthu, chifukwa buloko loumitsidwa padzuwa tsiku lomwelo sililimba.

Wowulutsa: Bambo ena a ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa ngati njerwa zija za dothi losakaniza simenti, zopanikiza pamakina, zingapirire mvula.

Mmisiri: Zimapirira, bambo, dothi likakhala loyenera. Thirani dothilo m'botolo, onjezani madzi, khutchumulani, lisiyeni usiku wonse. M'mawa mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Mchenga uzichuluka kuposa dongo, apo ayi njerwa zidzang'aluka. Mukaumba, zifunditseni pulasitiki, muzizinyowetsa, ndipo mudikire masiku 28 musanamangire. Maziko okha akhale a miyala kapena mabuloko, muyalepo pulasitiki yakuda yoletsa chinyezi, malata atulukire kunja ndithu kuti mvula isamamenye khoma. Pulani yanu ipite kaye ku khonsolo ya mzinda musanakumbe.