Galimoto zasintha, nanga wophunzitsa umakaniko?

Phunziro la sabata ino ndi la maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ndiyambira pa galaja chifukwa nkhaniyi imaoneka bwino pamenepo.

Pitani pa galaja ya m'mbali mwa msewu ku Ndirande, ku Biwi kapena pa Mangochi boma. Mukapeza anyamata atatu anayi, maovololo ali bii ndi oyilo, akuphunzira kwa bwana wawo. Bwanayo ntchito amaidziwa ndithu, koma anaiphunzira pa galimoto za kabuleta, zija vuto lake umalimva ndi khutu n'kulikonza ndi sipanala. Galimoto zomwe zikubwera lero kuchokera ku Japan, kutsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zili ndi kompyuta mkati. Kompyutayo ndi imene imapima mafuta olowa mu injini potengera zomwe masensa akuiuza. Sensa imodzi ikafa, galimoto imatha mphamvu kapena kumwa mafuta ngati chidakwa, koma ukatsegula boneti zonse zimaoneka zabwinobwino. Zina ndi za hybrid, batire lake limaposa mavoti 100, moti wogwira mawaya mwachisawawa akhoza kuvulala koopsa.

Ndiye chimachitika n'chiyani? Popanda makina olumikiza pa galimoto kuti awerenge vuto, makaniko amayamba kungoganizira. Lero asinthe mapulagi, mawa pampu ya mafuta, mkuja china. Mwini galimoto ndalama zikungopita. Choopsa kwambiri n'chakuti mnyamata wophunzira uja akuphunzira kuganizira komweko. Ife amene tinadutsa ku madrasa tikudziwa: mwalimu akamalakwitsa katchulidwe ka chilembo, kalasi yonse imatuluka ikulakwitsa chimodzimodzi.

Tsopano tione dongosolo lomwe lilipo. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunzirowa, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba lake. Tili ndi makoleji akale monga Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera. Mu 2021 Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni za pulojekiti ya SAVE yotukula luso la achinyamata. Zonsezi n'zabwino. Koma malo m'makolejimu ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ndipo maphunziro ake aatali amafuna MSCE. Amene analekezera Fomu 2 kapena Sitandade 8 koleji yake ndi galaja ija, shopu ya kalipentala, kapena khonde la telala.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene akamva zokonzanso maphunzirowa amangoganiza za kumanga nyumba. Nyumba imaoneka bwino pa chithunzi tsiku lodula riboni, eya. Koma ngati mphunzitsi wa m'kati mwake anasiya kugwira ntchito m'kampani zaka 15 zapitazo, ndipo injini yophunzirira ndi yomwe ija anaphunzirira iye, tangomanga malo atsopano ophunzitsiramo zakale. Aphunzitsi a m'makoleji azibwerera m'makampani miyezi ingapo pakapita zaka zochepa kuti akaone zomwe zasintha. Makampani omwe amapereka ndalama zija azikhala nawo polemba silabasi, poti amene amalemba ana athu ntchito ndi iwowo.

Koma chomwe chingasinthe zambiri mwachangu, mmene ndikuonera ine, ndi kuphunzitsa mabwana a m'magalaja aja. Bwana mmodzi akapita kukaphunzira masabata ochepa, madzulo kapena Loweruka, za magetsi a galimoto ndi kagwiritsidwe ka makina owerengera vuto, anyamata ake onse apindula, ndi amene adzabwere pambuyo pawo. Chimodzimodzi oika sola m'midzi. Ambiri amalumikiza panelo ku batire popanda kachipangizo koletsa kudzadza mopitirira, batire n'kufa isanathe chaka, banja n'kumati sola ndi yabodza. Vuto si sola ayi, ndi masamu ochepa omwe woikayo sanaphunzitsidwe.

TEVETA ili ndi njira yotchedwa Recognition of Prior Learning, yoyesa munthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi n'kumupatsa satifiketi akakhoza. Ngati muli ndi achimwene kapena amalume amene akhala akuwotcherera zitsulo zaka 10 opanda pepala, auzeni akafunse ku ofesi ya bungweli. Pepalalo ndi limene limafunika pofunsira ntchito m'kampani kapena popikisana pa makontirakiti.

Kwa inu amene mukufuna malo ophunzirira chaka chino, ndipo alongo ndikunena ndi inunso, poti kukonza mafoni ndi kuika sola sikufuna ndevu: musanalipire, funsani kuti muone zipangizo zophunzirira ndi maso anu. Funsani ngati amatumiza ophunzira kukagwira ntchito m'makampani, komanso komwe kuli omwe anamaliza chaka chatha. Chingerezi ndi masamu musazitaye, chifukwa makina owerengera vuto aja amalemba m'Chingerezi ndi manambala. Amene mukudziwa galaja kapena koleji yomwe ili ndi makinawa kudera kwanu, tiuzeni kuti tidziwitse anzathu tikakumana, insha Allah.