Phunziro 18: Msewu, Munda ndi Chipukuta Misozi

Mzuzu ndiwo mzinda waukulu wa m'Chigawo cha Kumpoto. Unayamba cha m'ma 1947 pamene azungu anatsegula esiteti ya mitengo ya tung. Pang'onopang'ono anthu anachuluka, ndipo m'chaka cha 1985 Mzuzu unalandira ulemu wotchedwa mzinda.

Mzinda ukamakula umafuna misewu, sukulu, zipatala ndi madamu. Zonsezi zimafuna malo, ndipo nthaŵi zambiri malowo amakhala ali ndi eni ake.

M'chaka cha 2016 boma linayamba kukonzanso msewu wochoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 46. Ndalama zambiri za ntchitoyi zinachokera ku African Development Bank. Msewu wakale unali wopapatiza ndi wokhotakhota, choncho unafunika kuukulitsa. Koma m'mbali mwake munali nyumba, timasitolo, minda ya chinangwa ndi nthochi. Eni ake ena anayenera kusiya malo awo kuti msewu udutse.

Kodi boma lingangolanda malo a munthu? Iyayi. Gawo 44 la Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, limaloleza boma kutenga malo pokhapokha ngati ntchitoyo ndi yothandiza anthu onse. Mwini malo ayenera kudziŵitsidwa nthaŵi ikadalipo, ndiponso ayenera kulandira malipiro oyenera. Malipiro ameneŵa ndiwo amatchedwa chipukuta misozi.

Ntchito isanayambe, akatswiri oŵerengera mtengo wa katundu amayendera banja lililonse pamodzi ndi mafumu. Iwo amayeza nyumba ndi munda, naŵerenga mitengo ya zipatso, nalemba dzina la mwini wake.

Ngakhale zili choncho, mikangano siilephera kubuka pa nkhani zotere. Poyamba, mwini malo angaone kuti ndalama zachepa. Mtengo wa mango umene wakhala ukudyetsa banja zaka zambiri ndi wovuta kuuikira mtengo wa ndalama. Nanga manda a makolo angagulidwe ndi ndalama zingati?

Chachiŵiri, malipiro akachedwa, mitengo ya malata ndi simenti imakhala itakwera. Pamenepo ndalama zija sizikwaniranso kumanga nyumba yofanana ndi imene inagwetsedwa.

Chachitatu, malo ambiri a makolo alibe zikalata. Motero abale amayamba kulimbirana, aliyense nanena kuti woyenera kulandira ndalamazo ndiye. Palinso anthu ena osaona mtima amene amamanga zisakasa mwamsangamsanga akamva kuti msewu udzadutsa pamenepo. Zoterezi zimachedwetsa ntchito ndi malipiro a anzawo.

Munthu amene sanakhutire ndi malipiro sayenera kuchita ndewu kapena kuwononga zipangizo za ntchito. Angakadandaule kwa amfumu ndi ku ofesi ya za malo. Zikakanika kumeneko, lamulo limampatsa ufulu wokasuma ku khoti.

Akuluakulu anati, "Walira mvula walira matope." Ofuna msewu wabwino ayenera kudziŵa kuti ena adzataya minda yawo. Koma matopewo asagwere banja limodzi lokha pamene mvula ikupindulira dziko lonse. N'chifukwa chake wopereka malo ayenera kulipidwa mokwanira ndiponso m'nthaŵi yake.

Mafunso

1. Kodi mzinda wa Mzuzu unayamba bwanji?
2. Kodi chipukuta misozi n'chiyani?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zimayambitsa mikangano ya malipiro a malo.
4. Kodi munthu wosakhutira ndi malipiro ayenera kuchita chiyani?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.

Ntchito

Lembani ziganizo pogwiritsa ntchito mawu aŵa: wopapatiza, kulimbirana, zikalata, kusuma.